Galimotoyi muziyenda nayo kuti? Mbiri ya galaja yathu ya ku Highfield

Munthu akabwera pa galaja yathu kuti timuchunire injini, tisanatsekule n'komwe boneti timayamba tamufunsa kuti galimotoyo aziyenda nayo kuti. Ena amadabwa, ena amaona ngati tikuwatayitsa nthawi. Funsoli linandidyera ndalama za miyezi itatu ndi tulo tambiri ndisanaphunzire kulifunsa.

Bambo anga anachoka ku Dedza nthawi ya chitaganya, mzinda uno wa Harare ukutchedwa Salisbury, ndipo ine ndinabadwira ku Highfield konkuno. Umakaniko ndinaphunzira kwa amalume ku Gazaland, malo a mashopu a ku Highfield konkuno. Ndinayamba ndi kutsuka masipanala. Mu 2008 ndalama itasanduka mapepala wamba, amalume anatopa n'kubwerera kumudzi. Anandisiyira bokosi la zida ndi tochi ya taimingi yomangidwa tepi pachingwe, imene ndikugwiritsabe ntchito mpaka lero. Dola ya America itayamba kuyenda mu 2009, ine ndi mayi a kunyumba tinachita lendi kashedi ka malata. Iwo anatenga kope la ndalama, ine injini.

Poyamba zinali za mabuleki ndi kusintha oyilo basi. Kenako anyamata othamangitsa galimoto ku Donnybrook, kumsewu wa Arcturus, anayamba kutumizana kwa ife: ma Nissan 1400, ma Corolla a injini ya 4A-GE, ma Golf akale, nthawi zina BMW ija amati gusheshe. Onse amafuna chinthu chimodzi, liwiro, ndipo liwiro lotsika mtengo kuposa lonse limabisala pa taimingi, kutanthauza nthawi imene pulagi imathetheka kuti iyatse petulo.

Petulo wosakanikirana ndi mpweya m'silinda sayaka yense kamodzi. Moto umayambira pa pulagi n'kumafalikira ngati moto wa lupsa, choncho umafuna kanthawi. N'chifukwa chake pulagi iyenera kuthetheka pisitoni isanafike pamwamba penipeni, kuti mphamvu yonse ikwane pisitoni itangotembenuka kumene, injini itazungulira madigiri pafupifupi 15 pisitoniyo itayamba kutsika. Mukachedwetsa moto, injini imachita ulesi, imamwa petulo, imatentha mpaka paipi ya utsi kufiira. Mukaufulumizitsa kwambiri, moto umalimbana ndi pisitoni ikadali kukwera, ndipo petulo wotsalira m'mbali amaphulika yekha. Kuphulika kumeneko ndiye kugogoda, kaphokoso kokhala ngati misomali ikugwedezedwa m'chitini. Injini ikamathamanga kwambiri nthawi imachepa, ndiye moto umayenera kuyamba msanga kuposa ikamangolira poima.

Ntchito yake ndi ya zala. Ndimapaka choko pa kamzera ka pule, kukoleka tochi pa waya wa silinda yoyamba, kumasula pang'ono chabe bawuti ya distributor, chipangizo chogawa moto ku mapulagi. Tochi ikamaphethira, kamzera koyera kaja kamaoneka ngati kaima ngakhale pule ikuzungulira. Kupotoza distributor mulingo wa chikhadabo, kamzerako kasuntha kale madigiri angapo. Pa 4A-GE timayamba talumikiza ndi kawaya polumikizira magetsi pawiri potchedwa T ndi E1 kuti kompyuta isalowerere, n'kuika moto pa madigiri 10 pisitoni isanafike pamwamba. Pa injini ya makabuleta nambala ya poima sindiidalira kwenikweni. Imene imapha kapena kupulumutsa injini ndi ya pamwamba, injini ikamazungulira kupitirira maulendo 3,000 pa mphindi, imene pa injini zambiri zoterezi imakhala cha m'madigiri 32 mpaka 36.

Amene anandiphunzitsa funso lija ndi achimwene ena a kumpingo kwathu. Anali ndi Nissan 1400 imene tinaipala hedi kuti kompulesheni ikwere, n'kuikamo makabuleta awiri a Weber. Munali mu June, m'mawa wozizira. Ndinakankha taimingi mpaka nditamva kugogoda, n'kubweza digiri imodzi yokha. Galimoto inkauluka, ndipo tonse tinasangalala.

Mu October kunagwa maliro kwawo ku Ntcheu. Anapakira ufa, shuga ndi abale, n'kudzera pa Nyamapanda. Foni inalira madzulo a tsiku lachiwiri.

“Achimwene, galimoto ija yatisiya pamsewu. Tadutsa Tete, tinali pa chitunda kulowera ku Zobue. Inayamba kulira ngati timiyala, kenako utsi.”

Anakafika mwambo utatha. Zimenezi zimandiwawabe mumtima.

Galimoto itakokedwa kubwera kuno, ndinachotsa mapulagi n'kupeza timadontho tonyezimira ngati mchere pa nsonga zake. Chinali chitsulo cha pisitoni. Pisitoni yachitatu inali itanyenyeka m'mphepete ngati chimanga chodyedwa ndi mbewa, maring'i atathyoka. Ndinakhala pa tayala nthawi yaitali ndili nayo m'manja, mpaka ndinamvetsa. Harare ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepuka ndi maperesenti pafupifupi 15 poyerekeza ndi wa kunyanja yamchere. Silinda siidzaza kwambiri, ndiye injini imalola moto wofulumira. Tete ali pansi m'chigwa cha Zambezi, osafika ndi mamita 200 omwe, ndipo mu October kumatentha mpaka kudutsa madigiri 40. Silinda yodzaza, mpweya wotentha, katundu wolemera, chitunda, phazi lili pansi: digiri imodzi ija sikanakwanira.

Usiku umenewo mayi a kunyumba anatseka kope n'kundiuza kuti, “Bambo, cholakwa n'chathu. Tiimange ndi ndalama zathu, anthuwa tizionana nawo Lamulungu lililonse.” Tinatero. Lendi ya shedi tinachita kukongola.

Kuchokera pamenepo kachunidwe kathu kanasintha. Kuyesa timachita masana dzuwa lili pamutu, osati m'mawa. Ndili ndi kapaipi ka kopa kophwanyidwa mbali imodzi, kamene ndimamangirira ndi bawuti pa injini, kolumikiza ku paipi ya pulasitiki yofika kukhutu kwanga. Mnyamata wathu amayendetsa, kukwera chitunda mu giya yachinayi injini ikuzungulira pang'onopang'ono, ine ndikumvetsera. Kugogoda kumamveka m'paipimo khutu wamba lisanakumve. Ndikakumva ndimabweza madigiri awiri kapena atatu. Pa distributor ndimakhomapo tizizindikiro tiwiri: ka kuno kumtunda, ndi ka kuchigwa, kwa opita ku Kariba, Beitbridge kapena kwathu kudzera ku Tete. Mwini galimoto sachoka ndisanamugwiritse sipanala kuti asunthe yekha ndikuona.

Petulo nayenso ndimamufunsa. Kuyambira 2013 petulo wa muno amasakanizidwa ndi ethanol wa nzimbe za ku Chisumbanje, ndipo mlingo wake umasinthasintha, pena 5, pena 10, pena 20 peresenti. Ethanol amalimba ku kugogoda, koma amafuna kulowa wochuluka, choncho kabuleta imafuna majeti (timabowo tolowetsa petulo) okulirapo. Galimoto zamakono zili ndi kachipangizo komva kugogoda, kompyuta n'kubweza moto yokha, ndipo pa zimenezo timagwira ndi laputopu. Kabuleta ilibe woiteteza kupatula khutu la makaniko.

Alipo makasitomala amene amandikakamiza kuti, “Madala, onjezani pang'ono, Loweruka kuli mpikisano.” Ndimakana. Pali malire amene ukawadutsa mphamvu siionjezekanso, chimangokula ndi kutentha. Ena apita kwina chifukwa cha kukana kwangaku, ndipo sindiwasungira chakukhosi.

Nissan ija ikuyendabe. Mwezi watha achimwene aja anabwera ndi mwana wawo wamwamuna, amene akufuna kupita nayo ku Ntcheu kukaona agogo ake. Ndinamupatsa sipanala, n'kumuuza kuti akangodinditsa pasipoti pa Nyamapanda atsekule boneti. Anawerama, n'kupeza kachizindikiro kachiwiri kaja ndi chala, n'kundifunsa ngati pobwerera abwezere pomwepo. Ndinati adikire mpaka adutse Mutoko.