Lachiwiri: gogo wa ndudu ndi chikwama cha eni ake

Magetsi abwera cha m'ma 7 koloko usiku, ndiye ndinati ndimalize filimu ndinaisiya pakati dzulo ija, Lucky Grandma ya Sasie Sealy, yomwe idaonetsedwa koyamba ku Tribeca Film Festival mumzinda wa New York mu 2019. Achemwali anga anakhala pampando akusenda mtedza, ati sakuonera, koma maso ali pomwepo.

Gogo Wong ndi mayi wamasiye wa ku Chinatown, dera la anthu ochokera ku China mu New York, ndudu sichoka pakamwa. Mwana wawo akufuna asamukire kwa iye, iwo akukana. Wolosera atawauza kuti tsiku lawo lamwayi layandikira, akutapa ndalama kubanki, ulendo wa pa basi kukatchova juga. Zonse psiti! Pobwerera, bambo amene anakhala naye pampando akufera m'basi momwemo, chikwama chake chodzaza ndalama n'kutsala poyera. Gogo n'kunyamula. Eni ake ndi gulu la achifwamba.

Masana kuntchito ndinawerenga zomwe ounika mafilimu adalemba. Pa Tsai Chin, yemwe adasewera gogoyu, pafupifupi onse akuvomerezana kuti filimu yonse waibereka kumsana ndi iye. Mayiyu si wa lero: adaoneka mu You Only Live Twice mu 1967 ndi The Joy Luck Club mu 1993, koma udindo waukulu chonchi wamupeza atapitirira zaka 80. Pamenepa sinditsutsa. Taonani pomwe akunenerera mtengo wa womulondera, chimphona chotchedwa Big Pong, ngati akugula tomato. Achemwali anaseka mpaka mtedza kutayikira pansi.

Chomwe chandivuta ndi dandaulo la ena loti kumapeto filimuyi imasiya nthabwala n'kulowa m'zachiwawa, ngati mafilimu awiri osokedwa pamodzi. Ine ndikuona kuti ounikawa amafuna gogo woseketsa basi, wokalipa mokoma, woti tizimuombera m'manja. Koma ndalama zija si zake, ndipo iye akudziwa. Akunama nkhope ili gwa, ndipo bodzalo likufika pa mdzukulu wake. Munthu ungapitirize bwanji kuseka pamenepo? Filimu ikadamaliza ndi phwete lokhalokha ndikadaiona yachinyengo.

Achemwali sanagwirizane nane. "Iwe, gogo ameneyu sakuba chifukwa cha umbombo," anatero. "Akuopa kukadikira nsima pakhomo pa mpongozi." Ndinakhala chete, poti m'zomwe ndawerenga masana mfundo imeneyi sinamveke mwamphamvu chonchi.

Titatsuka mbale anandifunsa ngati ilipo ina ya mayi yemweyu. Ndawalonjeza The Joy Luck Club Loweruka, magetsi akalola.