Kalata ya kwa mkazi, woyamba kuiwerenga bwana

Teremu ino m'phunziro la mbiri yakale tikuwerenga makalata omwe asilikali a ku Britain ankalembera akazi awo ali ku France pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, 1914 mpaka 1918. Ambiri ndi otopetsa. Munthu ali m'ngalande zamatope, mabomba akugwa usana ndi usiku, koma iye akufunsa ngati mwana wamera mano, akupempha masokosi ndi fodya, akudandaula kuti phukusi lachedwa. Za nkhondo, zii.

Anzanga ena m'kalasi akuti makalata otere alibe phindu kwa wofufuza. Ine ndikukana.

Msilikali wamba ankapereka kalata yake yosamata kwa ofisala wa gulu lake, yemwe ankaiwerenga n'kufufuta mayina a malo ndi chilichonse chothandiza mdani. Ndiye kuti mawu achikondi ankayamba kuwaona ndi munthu yemwe mawa lake akukulamula pa perete. Ndani angakhuthule zakukhosi pamenepo? Mu 1915 anabweretsa envulopu yobiriwira: msilikali ankasaina kuti m'katimo muli za banja zokha, ndipo ofisala wake sankaigwira, ngakhale zina zinkatsegulidwabe ndi ofisala ena m'njira. Zinkaperekedwa mochepa, moti amuna ankazisungira nkhani zolemera.

Panalinso khadi losindikiziratu, Field Service Postcard. Linali ndi ziganizo zochepa, monga ndili bwino, ndagonekedwa m'chipatala, ndavulala, kalata yako ndalandira. Iwe unkangofufuta zosakukhudza, n'kusaina ndi kulemba tsiku. Ukawonjezera mawu ako, khadilo linkawonongedwa.

Chomwe chandigwira mtima ndi liwiro la positi. Nkhondo itafika pachimake, makalata pafupifupi 12 miliyoni ankapita kwa asilikali sabata iliyonse, ndipo kalata inkatha kuyenda masiku awiri kapena atatu okha pakati pa Britain ndi France. Mkazi wozolowera kulandira pafupipafupi, sabata ikadutsa popanda kanthu, tulo sankatiwona. Choncho ntchito yaikulu ya kalata inali kuonetsa tsiku ndi dzanja la mwamuna wake, kuti Lachiwiri lapitali anali moyo. Za masokosizo zinali zongodzazira pepala, komanso zomuteteza mayiyo ku zomwe mwamunayo ankaona. Ofisala wofufuta uja si yekha ankabisa zinthu.

Mu esei yanga ndikufuna kuika makalata a envulopu yobiriwira pambali pa makalata wamba a msilikali mmodzimodzi, ndione ngati kalankhulidwe kake kwa mkazi wake kankasintha bwana akachokapo.