Matebulo asanu amene anasowa pokhala ku Chilenje

Loweruka lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ine wokonza malo a maukwati ndinaima pakati pa holo ina ku Chilenje, mumzinda wa Lusaka, ndi matebulo asanu amene analibe poti nkuwaika. Amayi a mkwatibwi anali atafika kale, atatchena chitenje chatsopano. Anayang'ana matebulowo, kenako anayang'ana ine.

"Mwana wanga, nanga anthu awa akhala pati? Si munatiwonetsa pa foni kuti onse akwana?"

Ndinawawonetsadi. Chithunzicho chinali chokongola, cha maluwa m'mbali, ndinachipangira mu pulogalamu yomwe ndimapangira makadi oitanira anthu ku ukwati. Cholakwa chinali changa: ndinajambula timizere tozungulira 20 nkumati ndi matebulo, osayeza kanthu. Holoyo ndi ya mamita 12 m'lifupi ndi 20 m'litali, ndipo ili ndi mizati iwiri pakati imene pa chithunzi changa panalibe. Tebulo lozungulira la anthu 10 ndi la mita 1.8, koma mukazunguliza mipando, anthu nkukhalapo, woperekera chakudya nkumadutsa kumbuyo kwawo, limadya mamita oposa atatu. Chotsanipo siteji ya oimba ndi bwalo lovinira, muwona nokha. Tsiku limenelo abale ena a kuchimuna anadyera panja pansi pa mtengo wa mango, ndipo mpaka lero sandipatsa moni bwino.

Kuchokera pamenepo ndinayamba kufunafuna pulogalamu yojambulira mapulani ya sikelo yeniyeni, yoti mita imodzi pansi ikhale sentimita imodzi papepala, chimene amisiri amalemba kuti 1:100.

Mnyamata amene amatiyendetsera magetsi a pasiteji anandiwonetsa Vectorworks Spotlight. Imeneyo ndiye ya akatswiri: ili ndi nyale, zitsulo zopachikapo nyale, masipika, zonse zojambulidwa kale ndi miyeso yake, ungokoka nkuika. Amene amakonza misonkhano ikuluikulu ku Mulungushi International Conference Centre kapena zoimbaimba ku National Heroes Stadium, kumene kumalowa anthu 60,000, angaipindulire. Koma pulogalamuyo amailipira m'madola, ndipo ine ntchito zanga ndi maukwati, makitchen party ndi misonkhano ya mpingo. AutoCAD nayo ndinangoipenya nkuisiya pa chifukwa chomwecho.

SketchUp ndinaikonda. Imajambula chipinda chooneka ngati walowamo, ndipo makasitomala amasangalala kuwona pamene akwati adzakhale. Koma SketchUp yaulere imayendera pa intaneti. Mu 2024, madzi atachepa ku damu la Kariba kumene amapangira magetsi, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, netiweki nayo nkumagwa nawo limodzi. Ndinaphunzira kuti pulogalamu yofuna intaneti nthawi zonse siingakhale khasu langa la tsiku ndi tsiku. Ndimaitsegulabe kasitomala akakhala wovuta kukhutira.

Imene ndinakhazikika nayo ndi LibreCAD. Ndi yaulere, imagwira popanda intaneti, ndipo laputopu yanga yokalamba imainyamula osadandaula. Kukongola ayi, sindinama. Sabata yoyamba ndinkangoyang'ana chinsalu chakuda chija mutu uli ng'ing'ing'i. Koma ukalemba kuti mzere uwu ndi wa mamita 12, umakhaladi wa mamita 12, sungaunyengerere.

Zinthu ziwiri ndizo zinandigwira mtima. Choyamba, tebulo ndinalijambula kamodzi kokha, ndi mipando yake 10 ndi mzere wakunja wosonyeza malo oyendamo anthu, nkulisunga. Chimodzimodzi zidutswa za siteji, zimene kwathu kuno timabwereka za mamita awiri kwa imodzi; zidutswa 12 zimapanga siteji ya mamita 6 kwa 4, yokwana ng'oma kumbuyo, kiyibodi mbali ina, oimba atatu kutsogolo. Tsopano ndimangoitana zimene ndinasungazo nkuziyala. Chachiwiri ndi zimene amati layers, ngati mapepala oonekera osanjikizana: lina la makoma, mizati ndi makomo, lina la matebulo, lina la nthambo za magetsi ndi pamene jenereta iime. Bambo wa matenti sasowa kuwona mayina a alendo, ndiye ndimazimitsa zimenezo nkuwatumizira zawo zokha. Wa zokuzira mawu amafuna kudziwa mtunda wochoka pasiteji kufika pa mikisa, makina osakanizira mawu, kuti adziwe kutalika kwa chingwe chonyamula, basi.

Pali vuto limodzi loyenera kulidziwa. Malo akuluakulu akakhala ndi pulani yawo, kawirikawiri imakhala fayilo ya pakompyuta ya mtundu wa DWG, wa AutoCAD, pamene LibreCAD imamvana bwino ndi DXF. Ndimapempha DXF, akakanika ndimaisintha ndekha ndi kapulogalamu kaulere kotchedwa ODA File Converter. Koma kunena zoona, maholo ambiri a ku Matero, Kabwata kapena Chawama alibe pulani iliyonse. Ukafunsa woyang'anira amangoti, "Muno mumalowa anthu 300, madamu." Anthu 300 oimirira kapena okhala pa matebulo, iye sizimukhudza.

Ndiye ndimapita ndekha ndi tepi ya mamita 50 ndi mdzukulu wanga wondigwirira kunsonga. Timayeza makoma, mizati, makomo onse ndi kumene chitseko chimatsegukira, malo a masoketi, ngakhale kutalika kwa denga, chifukwa nsalu zokongoletsera zinandikanirapo kale pa fani. Makomo otulukira sinditsekapo ndi tebulo ngakhale amatroni akwiye motani.

Ndikamaliza ndimatulutsa PDF, ina ndimasindikiza pa A3 nkuimata pakhomo la holo m'mawa wa tsikulo kuti anyamata onyamula mipando asamandiitane mphindi iliyonse. Ina imapita pa WhatsApp kwa eni ukwati. Mwezi watha mayi wina ataiwona anandiimbira foni.

"Amayi, bwanji ya chaka chino ilibe maluwa?"

Ndinawauza kuti maluwa adzawapeza pa matebulo, onse 14, ndipo la 15 silingalowe pokhapokha oimba akaimbire panja.