Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Digiri pa thandala

Gawo lapitali ndinalisiyira pa tsiku lija la chisoti ndi gauni, amayi akululutira mpaka mawu kusasa, amalume akujambulitsa ndi aliyense wovala zakuda ngakhale osamudziwa. Munali mu 2022. Tikanamaliza kale, koma Covid inatseketsa sukulu mu Malichi 2020 ndipo zonse ku Bunda zinabwerera m'mbuyo. Gauniyo inali yobwereka, tinabweza dzuwa lisanalowe. Chomwe ndinatsala nacho ndi pepala la LUANAR lonena kuti ndaphunzira za usodzi ndi ulimi wa nsomba, ndi ngongole ya sukulu yomwe ikundidikirabe mpaka lero.

M'mawa mwake tinakwera minibasi, kutsika Khwekhwerere amayi atatsinzina njira yonse chifukwa cha makhota aja, kudutsa pa Golomoti, mpaka kwathu ku Malembo. Mbuzi inafa. Azimayi a pa doko anayamba kunditchula kuti "abwana a Fisheries", ine n'kumaseka, mumtima ndikuvomera.

Dzinali linakoma miyezi itatu yokha.

Za makalata ofunsira ntchito sinditaya nazo nthawi, aliyense wa m'badwo wathu akuzidziwa. Ndinali ndi kope lomwe ndinkalembamo kalata iliyonse imene ndatumiza, ndipo chaka chisanathe ndinafika pa 31. Ena ankafuna a pa intaneti, ena a mu envelopu ya khaki. Nthawi zina ndinkapita mpaka ku boma la Mangochi kukasindikiza mapepala ndi kukadinditsa, n'kukhala pafupi ndi chipilala cha wotchi chija cha Mfumukazi Victoria kudya chinangwa chokazinga, kuyang'ana a kabaza akuwoloka mlatho wa Bakili Muluzi, kuwerengera ngati ya thiransipoti yobwerera ikwana. Pa makalata onsewo anandiyitana ndi a bungwe limodzi lokha, la ku Lilongwe. Ndinakongola ndalama yaulendo kwa amalume, ndinagona pansi kwa mnzanga ku Area 25. Funso lachiwiri linali loti ndagwirapo ntchito zaka zingati. Ankafuna zisanu. Zimenezi akanatha kundifunsa pa foni, ine ndili pa mkeka kwathu. Anati atiyimbira, ndipo sanayimbe.

Kuti mumvetse zomwe zikubwerazi, muyenera kudziwa chifukwa chimene amayi ananditumizira kusukulu. Iwo ndi a geni ya usipa kuyambira ndisanabadwe. Manja awo ndi ong'aluka ndi mchere, maso ofiira ndi utsi wa pa ng'anjo yofutsira. Ndili ku pulayimale, ndikakana kudzuka, sankandikwapula. Ankangoloza kunja n'kunena kuti, "Gona mwanawe, thandala ilo likukudikira." Thandala loyanikira usipa linali chiwopsezo cha ubwana wanga wonse. Nditasankhidwa kukaphunzira za nsomba anakhumudwa pang'ono, koma anadzitonthoza kuti ndizikayang'ana nsombazo ndili mu ofesi, pa kompyuta.

Ndiye tsiku lina mu 2023, nditatopa ndi kukhala pakhonde kumangotsegula foni, ndinawatsatira ku doko m'bandakucha. Anandiona nditanyamula beseni.

"Iwe, ukupita kuti?"

"Ndikuthandizeniko, amayi."

"Bwerera. Anthu aziti chiyani? Ndalama zonse zija zinali zoti uzidzanunkha usipa ngati ine?"

Sindinabwerere. Iwo sanandilankhule mpaka masana.

Amene simunafikeko pa doko nthawi imeneyo, mdima umakhala usanathe, maboti a chilimira, khoka lalikulu lophera usipa, akubwera limodzilimodzi, alovi atatopa ndi kukoka usiku wonse, siginala atakhala kutsogolo ngati mfumu chifukwa ndi iye anatsogolera nyale zokopa usipa. Boti lisanagunde mchenga, azimayi amalowa m'madzi mpaka m'chiuno n'kugwira m'mphepete, aliyense kukuwa mtengo wake. Amayi sakuwa. Anayandikira boti lina, analowetsa mkono mu mulu wa usipa mpaka m'chigongono, anatulutsa wa pansi, anaufinya pamimba ndi chala chachikulu, anaununkhiza, n'kuchokapo. Pa boti lachiwiri anachitanso chimodzimodzi ndipo pamenepo ndi pomwe anagula.

Madzulo, mtima utatsika, ndinawafunsa. Anati wa boti loyambalo unali wa khoka loyamba, wagona m'boti usiku wonse, mimba zayamba kuphulika, ukaufutsa umangosanduka phala. Ine zimenezi ndinalemba pa mayeso chaka chachitatu, masamba awiri athunthu, za mmene nsomba ikafa madzi a m'matumbo mwake amayambira kuidya yokha kukatentha. Ndinakhoza bwino. Koma mukanandiyika pa boti lija m'mawa umenewo, ndikanagula wowolawo, chifukwa pamwamba unkawala bwino kuposa winawo.

Kuyambira pamenepo ndinakhala wophunzira wawo, ngakhale iwo sanavomerepo ndi pakamwa. Ndinaphunzira kuti mwezi ukawala usipa umasowa chifukwa nyale za siginala sizipambana mwezi, ndiye mtengo umakwera. Kuti mwera ukayamba cha mu Meyi maboti amatha masiku ali pamtunda. Kuti mchere ukachuluka m'madzi ofutsira usipa umalemera koma ogula a ku Limbe amaulawa n'kuchoka. Ine ndinawaphunzitsa chinthu chimodzi chokha chaka chimenecho: kulemba m'kope ndalama zolowa ndi zotuluka. Kope lake linali lomwe lija la makalata 31, ndinangoyambira kumbuyo.

Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Mafuta a injini anakwera, eni maboti anakweza ndowa, ndipo mpamba wa amayi unafupika ngati chitenje chochapidwa m'madzi otentha. Dzinja linali pafupi, nyengo imene usipa umaphedwa wambiri koma n'kuwolera pa thandala chifukwa cha mvula. Apa m'pamene ndinati digiri ilankhule. Ku Bunda tinaphunzira za tenti yowumitsira nsomba ndi dzuwa: kanyumba ka pulasitiki yoonekera mkati, mathandala ali mkatimo, mvula, fumbi ndi ntchentche zili kunja. Za mabungwe zimakhala zikuluzikulu, za matabwa ndi simenti. Yanga inali ya nsungwi, kutalika kwake mapazi asanu ndi atatu. Ndalama ya pulasitiki amayi anakatenga ku banki m'khonde m'dzina lawo, atandiyang'ana nthawi yaitali osaphethira.

Mudzi wonse unabwera kudzaona. Ana ankati ndi tchalitchi cha usipa.

Tsiku loyamba ndinayanikamo ndowa zitatu. Poopa ntchentche ndinatseka paliponse, ngakhale timipata tomwe ndinasiya m'munsi ndinatsekako ndi mchenga. Pofika masana mkati munali ngati mu uvuni wa zigumu. Nthunzi inakwera, inagunda pulasitiki, n'kumadontheranso pa nsomba. Nditatsegula m'mawa mwake fungo linandibweza pakhomo. Usipa wonse unali wofewa, wotuwa, wonanda. Ndinadziwa cholakwa nthawi yomweyo, ndipo ichi n'chimene chinandiwawa kwambiri: chimawumitsa nsomba si kutentha kokha, ndi mphepo yolowa pansi n'kutulukira pamwamba itanyamula chinyezi. Zinali mu notsi zanga, ndi chithunzi chomwe, mivi yoloza m'mwamba.

Mayi wina wa thandala loyandikana nafe anafuula kuti onse amve, "Abwana a Fisheries aphika ndiwo za mudzi wonse!" Anthu anafa nalo phwete. Tinagulitsa ndowa zitatuzo kwa munthu wa nkhumba pa mtengo womvetsa chisoni.

Amayi sananditukwane, ndipo bola akanatero. Anazungulira tentiyo kawiri, analowa m'nyumba, anatuluka ndi neti yakale ya udzudzu ndi singano ya masaka. Anang'amba pulasitiki pamwamba, mbali zonse ziwiri, anafukula mchenga uja, ndipo tinasokerera netiyo m'mipatamo. Posoka anangoti, "Nsomba ndi ngati munthu, imafuna kupuma." Ndinafuna kuwauza kuti mmenemo ndi mmene bukunso likunenera, koma ndinaona kuti si tsiku lake. Ponena za neti: kuno anthu ena amaphera nayo tinsomba tating'onoting'ono m'mphepete mwa nyanja, zomwe malamulo amaletsa, ndipo amene anaona mmene chambo chinathera mu nyanja ya Malombe safunika kuuzidwa kumene zimenezi zimathera. Yathuyi inagwirako ntchito yabwino pa ukalamba wake.

Mu Febuluwale 2024 kunagwa mvula ya masiku anayi osakata. Pa mathandala a panja azimayi ankathamanga ndi mapepala kuvundikira, kuvundukula, kuvundikiranso, mpaka usipa unachita mphutsi. Wathu unauma pang'onopang'ono, koma unauma, woyera, wopanda mchenga. Mayi uja wa ndiwo za mudzi wonse anabwera madzulo a tsiku lachitatu atasenza beseni, n'kuyima pakhomo osadziwa poyambira. Amayi anamusunthira malo pa thandala la m'munsi. Ine ndikanamulipiritsa, kunena zoona, koma tenti inali ya ngongole yawo, osati yanga.

Tinanyamula masaka awiri pa lole usiku, kudutsa pa boma, Ulongwe, Liwonde, Zomba, kufika mu msika wa Limbe kukucha. Chifukwa cha mvula ija usipa wabwino unali wosowa, ndipo wathu unatha nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Bambo wina woguliratu wambiri anatafuna umodzi, anadikira kumva mchenga m'mano, sanaumve, n'kufunsa kuti tayanika bwanji. Amayi anayankha mwachangu ine ndisanatsegule pakamwa: "Ndi mwana wangayu, anapita ku yunivesite." Kanali koyamba kuwamva akutchula sukulu yanga ndi usipa mu mpweya umodzi popanda kuusa moyo.

Musaganize kuti nkhani inathera pomwepo. Pobwerera, tili pa Liwonde kudikira kuti minibasi idzaze, ndalama atazimanga m'chiuno, anandifunsa chapansipansi, "Nanga aja a ku Lilongwe sanayimbebe?" Anzanga a m'kalasi nawonso ndi chimodzimodzi. Pa gulu lathu la WhatsApp mmodzi ali ku Norway akuchita masters, awiri analowa m'boma ngati ma intern, wina akuphunzitsa sayansi pa sukulu ya pulayiveti ku Balaka, wina ali pa kontena ya Airtel Money. Ine ndikafunsidwa ndinkalemba kuti ndili mu bizinesi ya nsomba, osatumiza chithunzi.

Ngongole ya banki m'khonde tinamaliza kubweza mu Malichi. Kenaka nyanja inayamba kukwera. Mukukumbukira chaka chimenecho, pamene malo ogona alendo ambiri a m'mbali mwa nyanja kuno ku Mangochi analowa madzi mpaka m'zipinda. Kwathu madzi ankabwera mwakachetechete, lero afika pa bwato lakale lija, mkuja afika pa mtengo wa mango. Sabata yachiwiri ya Epulo anafika pa nsungwi za kutsogolo kwa tenti. Tinaizula ine ndi amalume, madzi ali mu akakolo, n'kukaunjika zonse kuseri kwa nyumba ya agogo kumtunda.

Usiku umenewo, tikulongedza za m'nyumba kuopa kuti madzi angatipeze tili m'tulo, amayi anandifunsa komwe ndinayika pepala lija. Ndinati lili mu sutikesi. Anadula chidutswa cha pulasitiki ya tenti, chonunkha usipa, anakulungamo digiriyo kawiri, anamanga ndi luzi, n'kuyika mu beseni lomwe ankasenza iwo.

Tinakhala kwa agogo miyezi iwiri. Kumeneko n'komwe inandipeza foni ya nambala yachilendo, ndili pa chitsime, ndipo za foni imeneyo ndi gawo 10.