Phata la Sum and Substance lazuka, koma landidyera masiku anayi

Latuluka! Dzulo dzuwa likulowa, phata la Sum and Substance, mtundu waukulu wa hosta (mbewu ya masamba okongola yokonda mthunzi), lomwe ndakhala ndikulidandaula kuyambira chaka chatha linazuka, ndipo pano lagawidwa pasanu. Ndinkayesa kuti ndi ntchito ya Loweruka limodzi m'mawa. Yanditengera masiku anayi, foloko yanga ya m'munda yapindika mano awiri, ndipo msana ukuwawabe. Koma mtima uli m'malo, chifukwa ndapeza chimene chinkavutitsa bedi lonse lija.

Bedi lake lili kuseri kwa nyumba kuno ku Leeds, m'mbali mwa mpanda, mamita 4 m'litali ndi mita imodzi ndi theka m'lifupi. Dzuwa limafikapo maola awiri okha m'mawa, nthawi yotentha. Dothi ndi la makande, lomata ngati phula kukagwa mvula, lolimba ngati njerwa kukauma. Ndinadzala mitundu iyi ya hosta mu Epulo 2021: Sum and Substance pakati, Halcyon awiri uku ndi uku, June mmodzi, Patriot awiri, ndi ka Blue Mouse Ears kutsogolo pafupi ndi kanjira. Onse anachokera m'mapoti a malita awiri.

Pamene ndinalakwitsa ndi pa mpata. Ndinasiya masentimita 45 okha pakati pa phando ndi phando. Pakapepala kake analembapo bwinobwino kukula kwake, ndipo ndinawerenga, koma kambewu ka masamba anayi kakakhala m'manja mwako sukhulupirira kuti tsiku lina kadzatambalala mita imodzi ndi theka. Dothi lopanda kanthu linkandiwawa m'maso, ndiye ndinathithikiza.

Chaka choyamba anangokhala phee. Chachiwiri anayamba kusuntha pang'onopang'ono. Mu 2023 masamba anakumana bwinobwino osaonekanso dothi, ndipo ndinanyadira kwambiri. Chaka cha 2024 ndiye zinasokonekera. Sum and Substance anatulutsa masamba aakulu ngati lichero, n'kuphimba aliyense. Ma Halcyon anayamba kutalikitsa mapesi kufunafuna kuwala, n'kupendekera kunjira. Blue Mouse Ears ndinkachita kukweza tsamba la mnzake kuti ndimuone, ali ndi timasamba tisanu totumbuluka. Ndipo chaka chimenecho kunagwa mvula yambiri. Pansi pa masamba aja sipankauma, nkhono zinapeza mudzi. Sum and Substance weniweniyo sizinamuvute kwenikweni popeza tsamba lake ndi lochindikala, koma ankazisunga masana, usiku n'kumatuluka kukadya Patriot. M'mphepete moyera mwa masamba ake munatsala mabowo okhaokha pofika mu June.

Masamu ake ndi osavuta, ndikanangowachita kalelo. Umatenga theka la kutambalala kwa uyu atakula, n'kuphatikiza ndi theka la mnzakeyo. Sum and Substance ndi masentimita 150, theka lake 75. Halcyon amafika pafupifupi 90, theka lake 45. Ndiye kuti pakati pawo pamafunika masentimita 120. Ine ndinawapatsa 45. M'bedi la mita imodzi ndi theka m'lifupi, chimphona chimenechi sichinayenere kulowamo n'komwe.

Ndinadikira kuti mphukira zituluke, zifike ngati timinyanga ta kamwana ka mbuzi, masentimita atatu kapena asanu, masamba asanatambasuke. Nthawi imeneyi umaona bwino pamene pali diso lililonse, ndipo ukavulaza pang'ono sipaoneka chilimwe chonse. Ndinawerenga mphukira 23.

Loweruka ndinadula mozungulira ndi fosholo, masentimita 30 kuchoka pa mphukira za kunja, kenako ndinalowetsa foloko kuti ndinyamule. Osasuntha. Ndinapita mbali ina, chimodzimodzi. Ndinati mwina ndi kuuma, popeza Malichi wa chaka chino wadutsa wopanda mvula yeniyeni. Ndinatsamira ndi thupi lonse pa mpini, ndipo chimene chinagonja ndi mano a foloko. Madzulo ndinathirapo makheni asanu ndi limodzi kuti madzi alowerere usiku wonse.

Lamulungu pochokera ku tchalitchi ndinakumba ngalande mozungulira phata lonse, kuya kwake kufika m'chigongono. Apa ndi pamene ndinaona. Mizu ya hosta ndi yoyera, yonenepa, yofewa, ukaipinda imathyoka n'kutuluka madzi. Koma pakati pake panali mizu ina yofiirira, yopyapyala, yolimba ngati waya, yolukana ngati ukonde. Ndinatsatira umodzi ndi chala mpaka pansi pa mpanda. Ndi ya mtengo wa birch wa kwa aneba, womwe uli mamita asanu kuchoka pa bedi. Mizu ya birch imayenda pamwamba, ndipo kwa zaka zinayi ndakhala ndikuthira manyowa ndi madzi pamalo amodzi. Mtengo unanunkhiza, unabwera. Phata langa linali litasokedwa ku nthaka ndi ulusi wa mtengo wa eni ake.

Ndinakhala pa chidebe kwa kanthawi ndikuyang'ana dzenje lija, zinthu zambiri zikumveka tsopano. Chaka chatha mu Ogasiti, June ankafota masana ngakhale nditamuthirira dzulo lake. Ndinkaganiza za mbozi za vine weevil zomwe zimadya mizu, mpaka ndinafukula m'mbali mwake kufunafuna timbozi toyera tija, osapeza. Ndinkaganiza za feteleza. Osadziwa kuti madzi anga ankamwa ndi birch. Ndiye mavuto anali awiri ophatikizana: pamwamba kuthithikana, pansi kulandidwa madzi.

Lolemba nditaweruka ku ntchito ndinatenga paipi n'kuyamba kutsuka dothi m'mbali mwa phata, kuti ndizisiyanitsa muzu woyera ndi wofiirira. Kenako kudula wofiirira umodziumodzi ndi chodulira nthambi, nditagwada m'matope mpaka mdima. Ntchito yotopetsa zedi, koma kungodula chidulire ndi fosholo ndikanataya theka la mizu ya hosta. Chakumapeto ndinapeza wamkulu wake, wonenepa ngati chala chachikulu, utadutsa pansi penipeni pa phata kuchokera ku mpanda kupita ku njira. Umenewo ndi umene unapinda foloko.

Lachiwiri mwana wanga wamkulu anandithandiza. Tinadula muzu uja ndi sowo mbali zonse ziwiri, tinalowetsa thabwa lochindikala pansi, njerwa ziwiri ngati mtsamiro, iye akukanikiza ine ndikukoka. Linamveka kuti phwa! n'kutembenuzika. Awiriwiri tinavutika kuliika pa lona. Pogawa ndinakumbukira agogo akuchotsa ana a nthochi paphata ku dimba kwathu, kuyang'anitsitsa kaye pamene mwana walumikizana ndi make asanagwetse khasu. Ndinachita chimodzimodzi, koma ndi sowo yakale: zigawo zisanu, chilichonse ndi mphukira zinayi kapena zisanu ndi mizu yake yokwanira. Ndataya mphukira ziwiri zokha. Kenako ndinakhala ola lina ndikusolola timizu ta birch m'chigawo chilichonse.

Ndisanakhudze Halcyon ndinatsuka sowo, fosholo ndi chodulira chija ndi sopo ndi burashi, kenako ndi bulitchi. Ena amati ndimanyanyira, koma nthenda ya hosta yobwera ndi kachilombo kotchedwa Hosta Virus X ndinakumana nayo kale. Mu 2022 ndinagula hosta wa Gold Standard wotchipa pa sitolo ina yaikulu, ndipo atatambasula masamba ndinaona mtundu wobiriwira ukuyenderera kuchoka m'mitsempha ngati inki pa pepala lonyowa. Ndinamutaya ndi poti yemwe, osati pa kompositi, m'bini ya zinyalala. Kachilomboka kamayenda ndi madzi a m'mbewu pa mpeni kapena m'manja, kalibe mankhwala, ndipo mbewu itha kukhala nako osaonetsa chizindikiro. Kanadziwika mu 1996 ku University of Minnesota. Sum and Substance ali m'gulu la mitundu yomwe yapezeka nako kawirikawiri pa msika, ndiye ngakhale wangayu akuoneka wathanzi, zida sizidumpha kuchoka pa iye kupita kwa mnzake zisanasambe.

Kuyambira pa nkhani ya Gold Standard ija ndimagula kwa alimi a hosta enieni basi. Mickfield Hostas a ku Suffolk ndimawakonda chifukwa mbewu zawo zimabwera ndi mizu yodzadza, ndipo amakuuza kukula kwenikweni kwa mbewu, osati kongokusangalatsa. Ma Halcyon anga ndi amene ndimawadera nkhawa kwambiri pa zonsezi. Mtundu umenewu unabadwira konkuno ku England: Eric Smith, akugwira ntchito ku nazale ya Hillier ku Winchester, mu 1961 anakwatitsa mitundu iwiri ya hosta, Tardiflora ndi sieboldiana Elegans, ndipo June ndi mphukira yosinthika ya Halcyon yemweyo. Kubiriwira kwa buluu kwa Halcyon ndi phula lopyapyala pamwamba pa tsamba. Tsamba la mnzake likamakhula pamenepo tsiku ndi tsiku, kapena madzi akamadontherapo, phula limachoka n'kutsala tsamba lobiriwira wamba. Chaka chatha anga onse awiri anali ndi zipsera zotero. Ndikufuna ndiwaonenso ali buluu weniweni ngati mu 2023.

M'bedi muja Sum and Substance sabwereramo. Chigawo chimodzi ndachiika pakona ya kumadzulo, kutali ndi birch, pamene pamafika dzuwa lochulukirapo, popeza mtundu umenewu umapirira dzuwa ndipo umaonetsa chikasu chake bwino ukalipeza. Ndamupatsa malo ake yekha, masentimita 90 mbali zonse, ndayeza ndi tepi kawiri. Zigawo zinayi zotsala zili m'mapoti akuluakulu. Ziwiri zili ndi eni ake kale ku tchalitchi.

Dzenje lija ndalikwirira ndi kompositi wosakaniza ndi masamba owola a zaka ziwiri. Ma Halcyon ndawasuntha kuti atalikirane masentimita 90, June pakati pawo chakutsogolo. Podzala ndaonetsetsa kuti mutu wa phata uli pa mulingo womwe unali kale, osazamitsa, chifukwa m'makande muno ukazamitsa umawola. Aliyense walandira kheni yathunthu ya malita 10, ndipo ndaphimbira ndi makungwa osakhudza mphukira. Blue Mouse Ears ndamuchotsamo, ali m'kambale kake ka dothi kosakaniza ndi timiyala, pa sitepe ya pakhomo. Bedi likuoneka lopanda kanthu, dothi lili poyera paliponse, ndipo dzanja likuyabwa kuti ndidzazemo. Ndaikamo ma fern awiri ang'onoang'ono omwe ndingawazule mosavuta, basi.

Za nkhono, ma nematode, tinyongolotsi tating'onoting'ono topha nkhono m'nthaka, ndaitanitsa kale. Dothi ladutsa madigiri 5, ndiye agwira ntchito, bola ndisalole kuti liume, ndipo pakatha milungu 6 ndidzathiranso. Amathandiza pa zopanda chigoba zija za m'nthaka, koma za chigoba sawaopa kwenikweni, zimenezo ndi za tochi ndi chidebe usiku. Timibulu tophera nkhono ta metaldehyde tinaletsedwa kuno mu Epulo 2022, ndiye ndimamwaza ta ferric phosphate pang'ono chabe mphukira zikamatuluka. Makoko a mazira ndi tepi ya kopa ndinasiya kalekale. A bungwe la za ulimi wa maluwa la Royal Horticultural Society (RHS) atayesa zimenezi pa letesi mu 2018 sanaone kusiyana kulikonse, ndipo m'munda mwanga momwemo nkhono zinkangodutsa pamwamba. Nsalu yofunditsa ili pafupi ndi chitseko, chifukwa kuno chisanu chitha kubwera mpaka pakati pa Meyi, ndipo tsamba longotambasuka kumene likapsa ndi chisanu limakhala lopunduka chaka chonse.

Birch abweranso, zimenezo ndikudziwa. Ndikuganiza zokumba ngalande m'mbali mwa mpanda wonse, kuya theka la mita, n'kuikamo pulasitiki yochindikala yotchinga mizu. Kapena kukwirira mapoti akuluakulu m'nthaka n'kumawatembenuza kawiri pa chaka kuti timizu tolowa m'mabowo tiduke. Ndiona msana ukachira. Kumapeto kwa mwezi uno kuli chionetsero cha maluwa ku Harrogate, ndipo pa mndandanda wanga wogula pali hosta wa plantaginea, chifukwa ndikufuna fungo la maluwa ake oyera pafupi ndi zenera la kukhitchini. Palinso Empress Wu, chimphona china cha hosta. Ndayeza kale kuseri kwa shedi: ndikachotsa mulu wa nkhuni ndi kusuntha mgolo wa madzi, papezeka mamita awiri mbali zonse.