Mmene ndinapezera dzina lenileni la deliya wa kudimba kwathu

Kumpanda wa dimba lathu kuli deliya amene timatema chaka ndi chaka n'kukwirira m'mizere ngati manyowa. Mphwanga atauzidwa kusukulu kuti apeze dzina la sayansi la chomera chimodzi cha pakhomo, ndinamuyankha ndisanaganize: "Lemba Dahlia iwe, sukumva mmene likumvekera?" Kope linabwerako ndi mtanda wofiira. Ndinachita manyazi, ndipo Loweruka lake ndinatenga khasu ndi lezala kukafunsa chomeracho.

Ndinayamba n'kufukula. Dahlia amakhala ndi zikhawo zotupa ngati mbatata, masamba ake amatuluka awiriawiri moyang'anana. Pansi pa deliya ndinapeza mizu wamba, ndipo masamba a kunthambi anali osinthana, ili uku, linalo kumtunda mbali ina. Yankho langa linafera pomwepo. Zomera ziwirizi n'za banja limodzi ndipo zonse kwawo ndi ku Mexico ndi mayiko oyandikana nawo, koma chibale chake n'chapatali.

Kenako ndinang'amba duwa pakati, ndipo apa ndinakhalitsa. Chimene timati duwa limodzi ndi mudzi wa timaluwa tambirimbiri todzazana pamutu umodzi. Tachikasu tatitali ta m'mphepete, timene pamutu wangawo ndinawerenga 13, sitibereka: ntchito yake n'kuitana njuchi. Tobereka ndi ta pakati, tonga timapaipi, kalikonse kokumbatiridwa ndi kakhungwa kake. Mutu wotere ndiwo chizindikiro cha banja la Asteraceae, momwe mulinso chisoso ndi mpendadzuwa. Ndinathothola mutu wina wouma n'kuona njere: pamwamba pake pali timinga tiwiri, pakati pa timingato pali timamba tating'ono.

Chimene chinathetsa mlandu ndi phesi lonyamula mutu. Limanenepa likamayandikira duwa, ngati lipenga, ndipo nditalidula ndinapeza mphako mkati. Phesi lotere ndilo amazindikirira Tithonia, gulu laling'ono la fuko la Heliantheae, msuweni wake wa mpendadzuwa. Katswiri wa zomera John La Duke atapenda gulu lonseli mu 1982 anawerenga mitundu 11 yokha, ina zitsamba zokhalitsa, ina yofa pachaka. Dzinali linasindikizidwa mu 1789 m'buku la Jussieu, katswiri wa zomera wa ku France, ndipo linachokera kwa Tithonus wa m'nthano za Agiriki, wokondedwa wa mulungu wamkazi wa m'bandakucha.

Kunatsala kusankha pakati pa mitundu iwiri imene inafala kwambiri kunja kwa kwawo. Tithonia rotundifolia ndi wapachaka, maluwa ake ngofiirira ngati lalanje lakupsa. Wathuyu amaphukanso ukamutema, tsinde lake limakhwima ngati nkhuni, amapitirira mutu wa munthu wamkulu, maluwa ndi achikasu. Masamba ake ndiwo anandiseketsa: pachitsamba chimodzi ena ali ndi zala zitatu, ena zisanu, a kunsonga alibe chala n'chimodzi chomwe. Ameneyu ndiye Tithonia diversifolia, ndipo mawu oti diversifolia amatanthauza zomwezo, masamba osiyanasiyana.

M'mabuku dzina lonse limalembedwa Tithonia diversifolia (Hemsl.) A. Gray. Poyamba ndinkaona ngati mayina a anthuwo n'ngokometsera, koma amasunga mbiri. William Hemsley wa ku Kew, malo ofufuzirako zomera ku England, ndiye anachitchula koyamba mu 1881, nachiika m'gulu la Mirasolia. Mu 1883 Asa Gray wa ku yunivesite ya Harvard ku America anachisamutsira ku Tithonia, choncho Hemsley analowa m'mabulaketi. Nanga ngati akatswiri anayamba achiika pena, ine ndi Dahlia wanga ndinalakwa zingati?

Chomaliza chinali kuumitsa nthambi yoti mphwanga akaonetse. Yoyamba inachita nkhungu chifukwa ndinaisiya sabata yonse m'nyuzipepala imodzi. Yachiwiri ndinkasintha mapepala tsiku lililonse, nditaipsinja ndi matabwa awiri ndi njerwa, mutu umodzi nditaung'amba kuti mphako ija izioneka. Pakapepala tinalemba malo, tsiku, kutalika kwa chitsamba ndi mtundu wa maluwa, monga zimakhalira pa zomera zosungidwa ku National Herbarium ku Zomba, poti mtundu umafwifwa duwa likauma.

Tsiku lofukula lija ndinasamba m'manja mwachidule n'kukhala pa nsima. Masamba a deliya ali ndi mankhwala owawa otchedwa tagitinin, ndipo mbamu yoyamba inandiuza zimenezo ndisanaziwerenge paliponse.