Nandolo wathu yemweyu, koma kaphikidwe ka amwenye

Kuno kwathu mukangoti chakudya cha amwenye, anthu maganizo amathamangira pa samusa basi, mwinanso biriyani ya pa ukwati, ndiye amaona ngati ndi zinthu za anthu andalama zofuna masipaisi kabati yonse. Ayi ndithu. Zomwe banja wamba ku India limadya Lolemba mpaka Lamulungu ndi mpunga kapena chapati, tindiwo tamasamba pambali, ndi dal. Ndipo dal amene amadyedwa kwambiri ku Gujarat, ku Maharashtra ndi kumwera kwa India, uja amati toor, ndi nandolo. Nandolo yemweyu timadzala m'mizere ya chimanga kuyambira ku Luchenza, Chonde, Chisitu mpaka ku Limbuli uko, amene ikafika August ndi September timapereka kwa mavenda a sikelo pa mseu kenako nkumadandaula kuti atibera.

Ulendo wake mukuudziwa. Venda akadzadza matumba lole imanyamula kupita ku Limbe, kumeneko wina amamuchotsa makoko nkumugawa pakati pa makina, wina amangomupakira choncho, ndiye amadutsa pa doko la Nacala kapena Beira wa ku India. Amene analima nandolo mu 2017 sadzaiwala, chaka chimene India inaika malire oti nandolo wolowa m'dziko mwawo asapitirire matani 200,000, mtengo kuno unagwa moti anthu ena matumba anangowaunjika m'nyumba anankafumbwe nkumachita phwando. Mu 2021 maboma a Malawi ndi India anasainirana kuti India izigula matani 50,000 pachaka kwa zaka zisanu. Zonsezo ndi zabwino, koma ine chimene chimandiwawa nchakuti mbewu imene anthu akuitumizira sitima kuchokera kutsidya kwa nyanja, ife pakhomo timangoiwiritsa ndi mchere ndi katomato kamodzi, ana akaona mbale nkumati aaa nandolo lero kachikenanso?

Ine zambiri ndinaphunzira kwa malume anga amene anagwirapo ukhuki kwa banja lina la amwenye ku Limbe zaka zambiri, banja losadya nyama ngakhale dzira. Paja kale masitolo a amwenye anali m'matauni ang'onoang'ono ngati athu ano, mpaka m'ma 1970 pamene boma la Kamuzu linalamula kuti achoke kumidzi akachite malonda m'mizinda ikuluikulu, ndiye kaphikidwe kawo kumudzi kuno kankangobwera ndi anthu ngati malumewo akabwera pa tchuthi. Iwo tsiku loyamba anangondiuza kuti, mphwanga, chipere umachidziwa? Ndiye wadziwa theka la ntchito.

Ndipo nzoona. Agogo athu chipere amapanga pokazinga nandolo pang'ono, kupera pa mphero kuti asweke pakati, kupeta pa lichero makoko achoke, kenako kuphika mpaka aphwanyike. Dal ndi zomwezo. Ngati mphero mulibe, nyikani nandolo wouma m'madzi maola angapo, muyanikenso padzuwa masiku awiri aumiretu gwa, khungu limayamba kulekana nayo njere, ndiye musinje mopepuka mu mtondo, osati mwamphamvu ngati mukukonola chimanga chifukwa mutsala ndi ufa. Khungu la nandolo ndi lokakamira kuposa la nyemba kapena khobwe ndiye musataye mtima ena akatsala osasendeka, amenewo amayandama potsuka mumangowayoola. Mthawajuni amachita bwino, mitundu yatsopano ija ngati Mwaiwathualimi nayonso ilibe vuto. Amene mulibe nthawi, m'mashopu a ku Limbe dal wosendasenda alipo wa m'mapaketi, kungoti mukhala mukugula nandolo wanu yemwe pa mtengo wina.

Kuphika kwake: kapu imodzi ya dal, mutsuke mpaka madzi ayere, munyike theka la ola kuti musamalize makala, ndiye muthire makapu atatu kapena anayi a madzi ndi theka la katiyisipuni ka tameriki (ufa wachikasu uja amati turmeric). Akayamba kuwira pamabwera thovu loyera pamwamba, lichotseni ndi chipande. Pa mbaula amatenga mphindi 40 mpaka ola, zimatengera nandoloyo ndi wa chaka chino kapena wagonera. Musathire tomato, mandimu kapena bwemba poyamba, zowawasa zimalimbitsa njere ndiye muphika mpaka dzuwa kulowa. Akafewa thirani mchere, mutakase ndi mthiko aphwanyike, akhale ngati phala la mwana losalimba.

Apa mpamene pali nkhani yonse tsopano, ndipo ndikupemphani muwerenge mofatsa chifukwa kusiyana kwa chipere ndi dal kuli pa mphindi ziwiri zokha. Ife tinazolowera kuti zokometsera timaponya mu msuzi ukuwira. Amwenye ayi, amatenga kapoto kena kakang'ono, masipuni awiri kapena atatu a mafuta, atenthe bwinobwino koma asafuke utsi, ndiye muja amaponyamo njere za mpiru theka la katiyisipuni. Zimayamba kuthetheka nkumadumpha, vundikirani pang'ono zingakulowereni m'maso. Kuthetheka kukangoyamba kuchepa ponyani jira, uja m'mashopu amalemba cumin, masekondi ochepa chabe asinthe mtundu, kenako adyo wosinja, jinja, tsabola, anyezi. Anyezi akafiira tomato, tomato akaphwanyika mafuta nkuyamba kuoneka m'mbali, mukhuthulire zonsezo mu poto wa dal uja, imalira kuti tchwee, vundikirani msanga fungo lisathawe. Amati tadka, ena amati chhaunk, a ku Gujarat amati vaghar. Chifukwa chake nchakuti fungo la zokometserazi limatuluka bwino mu mafuta otentha kusiyana ndi m'madzi, ndipo ndondomeko yake ili ndi nzeru, zolimba zimayamba, zosachedwa kupserera zimabwera pambuyo. Adyo akada bii tayani muyambirenso, musaumire mafuta, awawitsa poto yense. Pomaliza finyirani ndimu, basi.

Njere za mpiru zija musapite nazo kutali. Ndi mpiru wathu womwewu wa ku dimba, mukausiya osathyola umachita maluwa achikasu kenako timakoko, mukaumitsa nkupukusa muli tinjere tofiirira, ndi zomwezo amwenye amati rai. Koma chonde abale, mbewu ya m'mapaketi yogula ku shopu ya zaulimi ija musadye, nthawi zambiri imakhala yothira mankhwala, mwina mwaonapo ili ya pinki kapena yobiriwira. Kololani yanu. Jinja, adyo ndi tameriki wamuwisi amapezeka m'misika, kambuzi ndiye aliyense ali naye kuseri kwa nyumba ngakhale ndinene kuti kambuzi ndi wolusa ndipo fungo lake limaphimba zina zonse, mmodzi akwana. Chimene mukuyenera kukwerera minibasi ya pa Midima kapena kutuma munthu ku Limbe ndi jira ndi njere za koriyanda basi, ndipo kapaketi kamodzi kamatha miyezi.

Za kale (curry powder) wa m'paketi uja, wachikasu timathira mu nkhuku pa Khisimisi, sindikumunyoza, koma m'makhitchini ambiri a ku India samuphikira. Anatchuka ndi azungu a ku Britain amene ankafuna kukoma kwa ku India mu botolo limodzi. Vuto lake ndiwo zonse zimamveka chimodzimodzi, kabichi ngati nyemba, nyemba ngati mbatata. Ngati ndi yekhayo muli naye, chabwino, koma mumukazinge kaye mu mafuta ndi anyezi kamphindi, osangomuwaza pamwamba pa madzi.

Therere lobala ndi pamene ine ndi apongozi anga sitimvana mpaka lero. Iwo therere ndi la soda kapena chidulo, lonanda, loti nsima izingotsetsereka, ndipo ndikaphika langa amati mwanawe therere mwalipha. Amwenye amafuna kunandako kuthe. Mumatsuka therere lisanadulidwe, kulipukuta ndi kansalu liume kwenikweni, mpeni ndi thabwa nazo zouma, ndiye mudule timawilo. Mafuta mu chiwaya, jira, therere, moto wapakati, osavundikira chifukwa nthunzi ikabwerera pansi linanda, ndiponso osalitakasa pafupipafupi. Pakatha mphindi khumi mpaka khumi ndi zisanu limayamba kufiira m'mbali, apo ndiye muthire anyezi, tameriki, koriyanda wosinja, mchere kumapeto kwenikweni chifukwa mchere umatulutsa madzi. Madontho a ndimu amathandizanso. Anthu amene amalumbira kuti therere sadya, ili amadya osadziwa nkomwe.

Mabiringano ndi osavuta ndipo ife a mbaula tili pabwino kuposa a kuka ya magetsi. Tengani lalikulu, mulibaye ndi foloko, muliike pa makala penipeni muzilitembenuza mpaka khungu lipse lonse mkati mufewe. Likazizira sendani, nyenyani, ndiye mukazinge ndi anyezi, adyo, tomato ndi tsabola. Ku Punjab, kumpoto kwa India, amati baingan bharta, ndipo kukoma kwake konse ndi kafungo ka utsi kaja. Tomato wa pa Bvumbwe wakupsa bwino uja ndiye amakhalira.

Kabichi ndi mbatata ya kachewere sindichedwapo, njira ndi yomweija, mpiru uthetheke, tameriki, mbatata yoduladula ting'onoting'ono iyambe, kabichi pambuyo, madzi osathira kapena masipuni awiri okha, vundikirani zipse ndi nthunzi yake. Nthochi zosapsa, maungu, zitheba, bonongwe, zonse zimalola. Ndipo mukafuna dal wa kumwera amene amati sambar, mu nandolo muja mumawonjezera madzi a bwemba ndi zitheba za chammwamba zanthete zodula kutalika ngati chala. Eee, mtengo uja timangothyola masamba, iwo amadya ndi zitheba zomwe, mumayamwa zamkati makoko nkutaya. Nyengo ya mango aawisi, October ndi November, dulani limodzi muponye mu dal atafewa kale, ndimu simufunanso.

Chapati cha amwenye cha tsiku ndi tsiku si chija cha pa msika chonona mafuta. Chawo amati roti kapena phulka, ufa wa tirigu wosachotsa gaga umene amati atta, madzi, mwina kamchere, basi. Atta kuno ndi wovuta kupeza ndiye ine ndimagwiritsa fulawa wamba kapena wa buledi wa bulauni ndikamupeza. Makapu awiri a ufa, madzi ofunda pafupifupi makota atatu a kapu, mukande mpaka ufewe osamata m'manja, ndiye muusiye mphindi 20 kapena 30 mutavundikira, apa musadumphe chifukwa mukafulumira chapati chimabwerera mukamachitambasula ndipo chikapsa chimalimba. Botolo loyera limagwira ntchito ngati mulibe chogudubuzira. Chiwaya chitenthe kwambiri, chopanda mafuta, mbali yoyamba mpaka tiziwengo tioneke, tembenuzani, kenako mudinikize m'mbali ndi kansalu chifufume. Zoyamba zimatuluka zokhota, zilibe kanthu, mkamwa sizikhota. Muziunjika mu nsalu zisaume.

June ndi July chiperoni chikagwira, phiri osaoneka masiku angapo, zovala osauma pa chingwe, chimene ndimaphika ndi khichdi. Mpunga kapu imodzi, mphodza kapu imodzi kapena theka, madzi makapu asanu mpaka asanu ndi limodzi, tameriki, mchere, poto mmodzi, zipse mpaka zisakanikirane ngati phala lolimba, pamwamba tadka ya jira ndi jinja. Ku India amapatsa odwala ndi ana chifukwa sichilemera m'mimba. Mpunga wosweka wotchipa uja ndiye wabwino, Kilombero musungire alendo. Pambali ikani chambiko chothira nkhaka zopala ndi kamchere, chimaziziritsa tsabola, iwo amati raita ndipo amapangira yogati koma chambiko chimakwana bwinobwino, sinanga mkaka ku Thyolo kuno ng'ombe zilipo.

Funso limene aliyense amandifunsa ndi lakuti kodi zimenezi zimayenda ndi nsima? Bambo a kunyumba kwathu mpunga amati ndi chakudya chongodikirira nsima, ndiye ndinayesa kale, zimayenda. Kungoti dal wa nsima mumulimbitse, madzi makapu atatu osati anayi, kuti mbamu izitha kutapa, ndipo jira muchepetse masiku oyamba chifukwa anthu osamuzolowera amati akununkha mankhwala. Therere lokazinga ndi mabiringano ndiye ndi mgaiwa zimagwirizana kwambiri.

Dal akatsala usiku amalimba, m'mawa mumangothira timadzi nkumuwiritsanso bwinobwino, makamaka nyengo yotentha ngati mulibe filiji chifukwa sachedwa kusasa. Akatsala wochepa woti sakwana ndiwo, mukandireni mu ufa wa chapati m'malo mwa madzi, muwonjezere anyezi wodula ting'onoting'ono, mukazinge ndi timafuta pang'ono, ana atenge popita ku sukulu kapena mumwere tiyi wothira jinja.